Amene Sanali Pabenchi

Chipatala chaching'ono cha m'dera lawo chinkafuna kusiya kutsegula Loweruka, ndipo mapepala ovomereza zimenezi anadzazidwa ndi dzanja la Atelala omwe, mayi wosoka zovala amene analinso membala wa komiti ya chipatalacho. Chowawa chinali chakuti Loweruka ndi tsiku lokhalo limene amuna awo, Adalaivala, ankapeza mpata wokayezetsa ndi kulandira mankhwala a kuthamanga kwa magazi.

Nkhaniyi inayamba manesi awiri atasamutsidwa. Otsala anatopa, ndipo Anesi aakulu anakadandaula ku komiti ya chipatala. Loweruka odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi ankabwera ndithu, koma palibe ankadziwa ngati ankabwera chifukwa chosowa tsiku lina kapena pongothawa mzere wa mkati mwa sabata. Komiti inagwirizana kuti afunsidwe odwala eniake. Atafunsa kuti ntchitoyi agwire ndani, aliyense anayamba kuyang'ana nsapato zake. Atelala anakweza dzanja, monga mwa masiku onse. Ndi amayi oti sangaone ulusi ukulendewera pamalaya a munthu osaudula, ngakhale munthuyo asakumudziwa.

Anapatsidwa mapepala 60 ndi masabata atatu. Iwo anamaliza m'masiku awiri. Lachiwiri m'mawa anakhoma shopu, n'kupeza mabenchi a pachipatala ali thothotho ndi anthu. Anayamba kumapeto kwa benchi loyamba, bolopeni m'manja, n'kumafunsa mmodzimmodzi kuti, "Kubwera m'mawa ngati lero si bwino, eti?" Anthu ankagwedeza mutu, iwo n'kumachonga. Lachitatu anachitanso chimodzimodzi. Loweruka sanapiteko, chifukwa ndi tsiku limene makasitomala amadzatenga zovala, ndipo telala wokhoma shopu Loweruka amakhala akusewera ndi ntchito.

Atelala sanawafunse dala amuna awo. Ankaopa kuti anthu angati akukondera akunyumba, ndipo mumtima ankadzitama nacho chilungamo chimenechi. Koma atawerenga mapepala aja patebulo lodulira nsalu, anaona kuti zinthu zavuta. Anthu 56 anati m'mawa mkati mwa sabata muli bwino. Anayi okha ndi amene anatchula Loweruka.

Adalaivala anafika dzuwa likulowa, fumbi la simenti lili m'nsidze. Amayendetsa lole kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo amanyamuka kusanayere. Anasamba m'manja pabeseni, n'kukhala pakampando kapafupi ndi makina osokera. Atelala anawauza zonse, osabisa kanthu.

Bamboyo anapukuta zala pathaulo.

"Ndiye basi, mankhwala tisiya," anatero motsitsa mawu.

Anafotokoza zimene akazi awo ankazidziwa kale. Kuntchito kwawo dalaivala akapempha kuchoka m'mawa umodzi, lole amaipereka kwa wina, ndipo akapempha mwezi uliwonse, tsiku lina amangopeza kuti yapita osabwerera. Atelala anachita mantha kwambiri. Zaka ziwiri zapitazo amuna awo anagwa atangotsika m'lole, n'kugona m'chipatala masiku asanu ndi limodzi pakamwa patapindika pang'ono. Chiyambireni kumwa mankhwala sanagwenso.

Kenako Adalaivala anawala kumaso ngati munthu amene watola nzeru panjira. Anati mapepalawo angowachulukitsa, iwo apite nawo kuntchito. Madalaivala ndi opakira katundu akhoza kudzaza mapepala zana lisanakwane ola limodzi, ndipo onse alemba Loweruka. Atelala anakana, koma kukana kwake kunali kwa pakamwa pokha. Mumtima ankati mwina n'kutheka. Anakangana pang'ono, wina kunena za chilungamo, wina kunena kuti chilungamo sichitsitsa bipi.

Ali mkati mokangana, aneba awo anagogoda. Anabwera kudzatenga jasi yawo yoyera yakuntchito imene inang'ambika thumba. Mayi ameneyu amagwira ntchito mulabu ya fakitale yogaya tirigu, ndipo mumsewu wonse amadziwika kuti Asikelo, chifukwa sakhulupirira kanthu asanayeze. Ngakhale wogulitsa tomato akawaona akubwera amayamba kukonza mulu. Makoma a nyumbazo ndi opyapyala, choncho panalibe chifukwa chowafotokozera kuyambira pachiyambi.

Asikelo anakhala pamulu wa nsalu, n'kutenga mapepala aja. Sanayambe ndi kuwerenga mayankho. Anafunsa kaye kuti anthuwo anapezeka kuti, tsiku lanji, nthawi yanji, ndipo funso linkafunsidwa bwanji. Atelala anayankha zonse molimba mtima, chifukwa sankaona cholakwika. Anawonjezeranso kuti Anesi aakulu ankadutsadutsa pomwepo, moti akhoza kuchitira umboni.

"Asisi," anatero Asikelo, "mwafunsa anthu amene akwanitsa kubwera Lachiwiri ngati angakwanitse kubwera Lachiwiri. Mumayembekezera kuti ayankha chiyani?"

Atelala anayang'ana mapepala aja, ndipo Asikelo anapitiriza.

"Amene sangakwanitse sanali pabenchipo. Anali kuntchito, ngati alamu anga awa."

Kenako anawafotokozera za ntchito yawo. Lole ikabwera ndi matumba mazana anayi a tirigu, iwo sangatsegule onse. Amatenga pang'onopang'ono m'matumba ochepa n'kukayeza, ndipo kochepako amakatcha sampulo. Koma matumba apakhomo pa lole sawakhulupirira, chifukwa wogulitsa aliyense amadziwa kuika abwino pamene dzanja lifika msanga. Amasankha matumba pochita mayere, ena akutsogolo, ena apakati, ena apansi penipeni pamene opakira katundu amadandaula kuti atulutse. M'thumba lililonse amabaya ndi chitsulo chosongoka chobowoka mkati, chimene chimatapa pamwamba, pakati ndi pansi. Anati sampulo ikatengedwa molakwika, ngakhale makina oyezera akhale atsopano bwanji, yankho limakhala labodza.

Adalaivala anaseka mpaka kugunda bondo. Anati zimenezo amazidziwa bwino, pakhomo pa lole sipakhala thumba long'ambika. Anayamba kuwauza akazi awo kuti akanangomvera iwo poyamba paja.

"Alamu, musaseke," anawadula Asikelo. "Mapepala opita nawo kuntchito kwanu aja ndi matumba apakhomo omwewo, kungoti mwatsegula khomo la mbali inayo."

Kuseka kunathera pomwepo. Bamboyo anayamba kufunafuna chinthu m'thumba la malaya chimene munalibe.

Asikelo anapitiriza modekha. Anati funso la Atelala linali litanyamula kale yankho lake. Munthu ukamuuza kuti si bwino, eti, ndipo nesi amene akumupatsa mankhwala akudutsa kumbuyo kwake, adzavomera ngakhale zimene sakugwirizana nazo. Funso labwino limakhala limodzi kwa onse, lolembedwa, losakankhira munthu mbali iliyonse, ndipo limafunsidwa pamene munthu angayankhe momasuka. Wofunsayo asakhale yekha ngati ali ndi chimene angapindule. Ndipo ukamaliza, umayezanso pang'ono kuti uone ngati yankho likubwerabe lomwelo, monga telala amayezera kawiri asanadule.

Mawu omalizawa anawalasa Atelala, chifukwa ndi mawu amene iwo amawauza anthu ena tsiku ndi tsiku. Anachita manyazi kwambiri. Anali atalengeza kale kwa akomiti kuti ntchito yatha, ndipo ena anawayamikira kuti ndi achangu. Kubwerera kukanena kuti ndalakwitsa kunali kowawa kuposa kudzibaya ndi singano. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo pano wofera kuunayo akanakhala amuna awo.

M'mawa mwake anapita kwa Anesi aakulu. Anawapeza m'kachipinda kawo akumwa tiyi wozizira ali chiimire. Atamva nkhaniyo, nkhope yawo inagwa. Sanabise kuti mapepala oyamba aja anawasangalatsa, chifukwa panatha miyezi inayi asanakhale Loweruka limodzi ndi ana awo.

"Ine ndikufuna Loweruka litsekedwe, inu mukufuna likhalepo," anatero pamapeto pake. "Ndiye tonse awiri tisakhulupirirane kwambiri. Tiyeni tichite mmene anenera aneba anuwo."

M'kaundula wa chipatala munali mayina 300 a odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kuti apeze anthu 60, anayenera kutenga dzina limodzi pa mayina asanu aliwonse. Atelala anatulutsa tizidutswa tansalu m'chikwama, n'kulembapo manambala kuyambira 1 mpaka 5 ndi choko chawo chautelala. Anaika m'kachitini, ndipo mayi wokolopa amene ankadutsa anapemphedwa kuti atole kamodzi maso atatsinzina. Anatola 3. Choncho anatenga dzina lachitatu, lachisanu ndi chitatu, la nambala 13, mpaka kumapeto kwa buku. Kaundulayo sanachoke m'manja mwa Anesi, chifukwa matenda a munthu ndi chinsinsi chake. Kalaliki wa chipatala ndi amene anayamba kulankhula ndi osankhidwawo kuti adziwe ngati akulola kufunsidwa, ndipo amene mafoni awo sankayankhidwa anawasiyira uthenga.

Dzina la Adalaivala silinagwe pamayere. Atamva, anadandaula sabata yonse. Anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, nanga kafukufuku wamtundu wanji amene amadumpha munthu wogona m'nyumba imodzi ndi wofunsa? Anapempha kuti angowawonjezera kumapeto, palibe angadziwe. Atelala anawakana, ulendo uno ndi mtima womwe, ngakhale kuti kunali kovuta kuwayang'ana m'maso.

Popeza Atelala anali ndi mbali pankhaniyi, komiti inawapatsa mnzawo woyenda naye, mphunzitsi wopuma pantchito amene ankangotchedwa Aphunzitsi. Bambo ameneyu amayenda pang'onopang'ono ndipo sadumpha mawu ngakhale amodzi powerenga. Iwo ankawerenga funso, Atelala n'kumalemba. Funsolo linkati: Ndi masiku ati amene mungakwanitse kubwera kudzayezetsa ndi kulandira mankhwala, ndipo kangati pamwezi?

Masiku atatu oyamba zinthu zinayenda bwino. Opuma pantchito ndi okhala pakhomo ankayankha foni ikangolira kamodzi, ena mpaka kufuna kucheza za mawondo awo. Ambiri ankati tsiku lililonse ndi labwino, ndipo Atelala ankalemba mtima ukutsika. Tsiku lachinayi anapeza kuti anthu 19 sakupezekabe. Aphunzitsi, amene miyendo inali itayamba kuwawa, anati bwanji angotola anthu 19 pabenchi kuti nambala ikwane.

Atelala anakafunsa Asikelo pampanda madzulo. Iwo anakana kwamtuwagalu. Anati munthu wosayankha foni masana kawirikawiri ndi amene manja ake ali pantchito, ndipo ukamusiya chifukwa ndi wovuta kumupeza, wabwerera pabenchi lomwe lija. Anati thumba lapansi limafuna thukuta, koma ndi limene limanena zoona za lole.

Choncho anasintha nthawi. Kalaliki ankaimba pa ola la nkhomaliro ndi nthawi yoweruka, ndipo amene alola, Atelala ndi Aphunzitsi ankawatsatira Lamlungu masana. Anakwera masitepe a nyumba zosanja, analowa m'tinjira tofunika kuyenda cham'mbali, anauwidwa ndi agalu. Mayi wina wogwira ntchito zam'nyumba analankhula nawo pageti, apuloni ili m'chiuno, akucheukacheuka. Anati iye amamasulidwa Loweruka m'mawa basi, ndipo anali atamva kale mphekesera zoti tsikulo litsekedwa, moti anayamba kumwa theka la piritsi kuti mankhwala achedwe kutha. Atelala analemba yankho lake, ndipo atamaliza anamupempha kuti asiye kugawa mapiritsi, akaonane ndi Anesi Loweruka lotsatira. Mayiyo analola kuti Anesi auzidwe.

Panalinso bambo wina wokonza mawotchi amene anawalandira ndi nthabwala. Anati iye amabwera Loweruka lililonse la mankhwala, koma kunena zoona akhoza kubwera tsiku lililonse, amangothawa mzere. Atelala anaimitsa bolopeni. Yankho limeneli linkachotsa munthu kumbali ya amuna awo, ndipo Aphunzitsi anali akumanga chingwe cha nsapato, osayang'ana pepala. Koma Atelala analemba monga mmene wokonza mawotchiyo ananenera.

Pomaliza anapeza anthu 55. Atatu anali atasamuka, awiri anakana kufunsidwa, ndipo zimenezi anazilembanso. Patapita masiku angapo, membala wina wa komiti amene sanaone mayankho oyamba anafunsanso anthu khumi mwa omwewo, osankhidwanso pamayere. Asanu ndi anayi anayankha chimodzimodzi. Mmodzi anasintha chifukwa kuntchito anali atamusinthira nthawi yolowera.

Tsiku la msonkhano, Atelala anaima kutsogolo ndi milu iwiri ya mapepala. Anayamba ndi kuvomera kuti mulu woyamba anaulakwitsa, n'kufotokoza mmene analakwitsira. Ananenanso poyera kuti amuna awo ndi mmodzi wa odalira Loweruka, koma kuti sanafunsidwe nawo. Kenako anawerenga zotsatira. Mwa anthu 55, anthu 31 akhoza kubwera mkati mwa sabata, ndipo asanu ndi anayi mwa iwo amabwera Loweruka pongothawa mzere. Anthu 24 alibe tsiku lina koma Loweruka, ndipo pafupifupi onsewo amafunika kubwera kamodzi kokha pamwezi.

Bambo wina wagolosale, amene sapita kumsonkhano osatsutsako kanthu, anafunsa kuti n'chifukwa chiyani komiti ikhulupirire mapepala 55 n'kutaya 60, pamene 60 ndi ambiri.

"Kuchuluka kwa mapepala si kanthu ngati onse achokera pabenchi limodzi," anayankha Atelala. "Oyamba aja ndinasankha ndine, amene anali pafupi ndi dzanja langa. Achiwiriwa anasankhidwa ndi mayere, ndipo aliyense wa m'kaundula anali ndi mwayi wofanana."

Wagolosale anakanda kumutu, n'kunena kuti iye amangofuna kumva.

Anesi aakulu anatenga bolopeni n'kuwerengera pamaso pa onse. Ngati anthu 24 mwa 55 alibe tsiku lina, ndiye kuti mwa anthu 300 alipo pafupifupi 130, mwina kupitirira pang'ono kapena kuchepera, popeza sampulo siwerenga munthu aliyense. Anthu ochuluka chonchi sangawatsekere khomo. Koma popeza amabwera kamodzi pamwezi, sipafunika kutsegula Loweruka lililonse. Komiti inagwirizana kuti chipatala chizitsegula Loweruka loyamba ndi lachitatu la mwezi, ndipo amene angathe kubwera mkati mwa sabata apemphedwe kusiyira anzawo malo. Manesi anapeza Loweruka lopuma kawiri pamwezi. Komitiyo inagwirizananso kuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi adzafunsenso mwa njira yomweyi, kuti aone ngati zinthu zikuyenda.

Atelala anafika kunyumba mtima utapepuka. Anakhala pamakina osokera osaponda, n'kulira pang'ono ali okha. Asikelo atamva nkhaniyi pampanda anangoti zili bwino, n'kufunsa ngati mapepala asungidwa pamalo ouma.

Loweruka loyamba la mwezi wotsatira, Adalaivala anavala malaya ositidwa n'kupita kuchipatala. Anabwerako cha m'ma 11 koloko, n'kudutsira kushopu kumene akazi awo anali pakati pa makasitomala, mapini ali pakamwa. Anati magazi awapeza akuyenda bwino, mankhwala alandira a mwezi wonse, ndipo tsiku lobwereranso awalembera pakhadi. Pabenchi anakhala ndi mayi wantchito zam'nyumba amene ankauza aliyense kuti tsopano akumwa piritsi lathunthu.

Atatsala pang'ono kutuluka, anatembenuka pakhomo.

"Komatu amayi, ine mpaka lero palibe wandifunsa."

Atelala analavula mapini m'dzanja. "Simunafunsidwe, abambo, koma munamveka. Anakuyankhulirani anthu 24 amene simukuwadziwa n'komwe."

Bamboyo anavala chipewa chimene chinali m'manja. Kenako anati akagule buledi, n'kutuluka akupukuta m'maso ngati mwalowa fumbi.

Phunziro la nkhaniyi ndi losavuta. Tikafuna kudziwa zoona za anthu ambiri pofunsa ochepa, tisafunse okhawo amene ali pafupi nafe kapena amene tikudziwa kuti atigwirizana nazo. Tisankhe mwa njira yopatsa aliyense mwayi wofanana, ndipo ovuta kuwapeza tiwatsatire mpaka tiwapeze. Funso likhale limodzi kwa onse, losakankhira munthu ku yankho, ndipo wofunsa amene ali ndi mbali anene poyera n'kuyenda ndi mnzake. Tikamaliza tiyezenso. Ndipo wina akatibweretsera manambala n'kunena kuti anthu afuna zakutizakuti, tisachite manyazi kumufunsa kuti anafunsa ndani, anawapeza kuti, ndipo ndani amene sanalipo.